Momwe mungalembere chiganizo chimodzi chonena cholinga cha moyo wanu monga Mkhristu

Mkhristu wodzipereka satha mwezi asanapemphedwe kanthu. A kwaya akufuna mlembi, komiti ya chitukuko ilibe msungichuma, kumlaga kapena kumphakati kukusowa wotsogolera, achinyamata akufuna wowaperekeza kumsonkhano, pamene kunyumba ana akudikira wowaonera makope. Zonsezi ndi zabwino, n'chifukwa chake kukana kumavuta. Koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chiganizo cha cholinga cha moyo ndi mawu ochepa, osapitirira 25, onena anthu amene Mulungu wakupatsani kuti muwatumikire, chimene mumawachitira, ndi chifukwa chake. Ntchito yake ndi kukuthandizani kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse ndi zabwino. Za kusiyanitsa chabwino ndi choipa, Malamulo Khumi anatiuza kale.

Mufunika Baibulo, kope, pensulo yokhala ndi chofufutira, milungu iwiri, ndi anthu atatu okudziwani bwino. Mphindi 20 pa tsiku ndi zokwanira. Amene amafuna kumaliza zonse usiku umodzi atachoka kumsonkhano wachitsitsimutso amalemba mawu otentha amene pofika Lachitatu amakhala atazirala.

Choyamba: dziwani zimene simukulemba

Pali cholinga cha Akhristu onse, ndipo chimenecho si inu wochilemba chifukwa chinaperekedwa kale. Kukonda Mulungu ndi kukonda mnzako (Mateyu 22:37-40), kuphunzitsa anthu a mitundu yonse (Mateyu 28:19-20), kuchita chilungamo, kukonda chifundo ndi kuyenda modzichepetsa ndi Mulungu (Mika 6:8). Katekisimu wamfupi wa Westminster wa m'chaka cha 1647 amayamba ndi funso la cholinga cha munthu, n'kuyankha kuti cholinga chachikulu cha munthu ndi kulemekeza Mulungu ndi kukondwera mwa Iye kwamuyaya. Mukalemba kuti "Cholinga changa ndi kulemekeza Mulungu" mwanena zoona, koma simunanene chilichonse chimene mnzanu wokhala naye pabenchi m'tchalitchi sanganene.

Kumbali inayi kuli zolinga za chaka: kumaliza dipuloma, kufolera nyumba ndi malata, kugula njinga yamoto, kutuluka m'ngongole ya banki mkhonde. Izi zimakhala ndi tsiku, ndipo zikatheka zatha. Zilembeni patsamba lina.

Chimene mukufuna chili pakati pa ziwirizi: gawo lanu inuyo pa ntchito ya Akhristu onse ija, lonenedwa m'njira yoti lingakhale loona kwa zaka zambiri.

Chachiwiri: onani momwe anthu a m'Baibulo ankanenera

Masiku awiri kapena atatu oyamba musalembe za inu. Werengani ndime izi, ndipo pa iliyonse dulani mzere kunsi kwa mneni, kenako lembani anthu amene akutchulidwa.

Yambani ndi Ezara 7:10, chifukwa ndi chitsanzo chomveka kwambiri. Ezara anaika mtima wake pa kufufuza chilamulo cha Yehova, kuchichita, ndi kuchiphunzitsa mu Israeli. Aneni atatu, anthu odziwika, ndipo ndondomeko yake ili ndi tanthauzo: kuphunzira, kuchita, kenako kuphunzitsa. Mukasinthanitsa awiri omalizawo mwapeza mlaliki amene amanena zimene sachita.

Pitani kwa Paulo pa Aroma 15:20. Iye sananene kuti akufuna kulalikira basi. Anati amafunitsitsa kulalikira kumene Khristu sanatchulidwepo, kuti asamange pa maziko a munthu wina. Mawu amenewa anali ndi malire, ndipo malirewo ndi amene ankamuyendetsa: m'chaputala chomwecho akuuza a ku Roma kuti adzangowadutsira popita ku Spain.

Ambuye Yesu anafotokoza chimene anadzera m'mawu ochepa kangapo konse. Pa Luka 19:10, kufunafuna ndi kupulumutsa chotayika. Pa Marko 10:45, osati kutumikiridwa koma kutumikira ndi kupereka moyo wake dipo la anthu ambiri. Onjezanipo Yoswa 24:15, pamene munthu akulankhulira nyumba yake yonse, ndi Yohane 3:30, pamene Yohane Mbatizi akuti Yesu ayenera kukula koma iye achepe.

Mudzaona kuti palibe amene akutchula udindo umene akufuna kudzakhala nawo. Onse akunena zochita.

Chachitatu: sonkhanitsani umboni

Apa ndi pamene pamatenga nthawi, pafupifupi sabata yathunthu. Aefeso 2:10 amati tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anakonzeratu. Ngati anakonzeratu, ndiye kuti simukupeka kanthu. Mukufufuza zizindikiro zimene zili kale m'moyo wanu. Yambani tsiku lililonse ndi pemphero lalifupi lopempha nzeru (Yakobo 1:5), kenako dzazani masamba anayi.

Tsamba loyamba, lembani zinthu khumi zimene munachitapo ndipo wina anathandizika nazo. Zikhale zenizeni, zokhala ndi malo ndi nthawi: munagona kuchipatala milungu iwiri kudikirira wodwala wosakhala m'bale wanu, munakonza mabuku a ndalama za Chigwirizano amene anali osokonekera, munaphunzitsa mnyamata wa neba kumata matayala mpaka anatsegula pake. Musalembe "ndine wachifundo." Lembani chimene munachita. Ikani kanyenyezi pa zimene munatopa nazo thupi koma mtima uli wokondwa.

Tsamba lachiwiri, lembani zimene zimakuwawani mukaziona. Nehemiya anali wopereka chikho kwa mfumu ku Susani, pantchito yabwino, koma atamva kuti malinga a Yerusalemu ndi ogumuka anakhala pansi n'kulira masiku angapo (Nehemiya 1:4). Mavuto alipo ambiri, koma si onse amene amakusowetsani tulo. Wina amadutsa mwana wa Sitandade 4 wosadziwa kulemba dzina lake n'kungoti zachisoni. Wina zimamukhala pamtima mpaka mawa. Lembani zosapitirira zisanu.

Tsamba lachitatu ndi la anthu amene muli nawo kale udindo: mkazi kapena mwamuna wanu, ana, makolo okalamba kumudzi, ana amasiye a mchemwali wanu amene muli nawo pakhomo, antchito anu ngati muli nawo. Tsamba ili anthu amakonda kulidumpha chifukwa silisangalatsa ngati maloto a kumayiko akutali. Koma 1 Timoteyo 5:8 salankhula mozungulira: wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Chiganizo chimene chikukutumani kwa anthu a kutali n'kuiwala amene mumadya nawo mbale imodzi chalakwika poyambira pomwe.

Tsamba lachinayi, mphatso ndi luso. Werengani Aroma 12:6-8 ndi 1 Petro 4:10-11. Mudzapezamo kuphunzitsa ndi kunenera, koma mulinso kutumikira, kulimbikitsa, kugawira ena, kutsogolera ndi kuchita chifundo. Ndipo musasiye luso la manja poganiza kuti si lauzimu. Pa Eksodo 31 Mulungu akuti anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti azitha ntchito za golide, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa. Dorika wa ku Yopa atamwalira, amayi amasiye anaonetsa Petro malaya ndi zovala zimene anawasokera (Machitidwe 9:39). Utumiki wake unali singano ndi ulusi. Mmisiri, telala, namwino, wa kabaza, mlimi wa kudimba, aliyense alembe chimene manja ake amadziwa.

Chachinayi: funsani anthu atatu

Munthu sadziona msana. Dzina lakuti Barnaba silinali lake lobadwa nalo. Anali Yosefe, ndipo atumwi ndi amene anamutcha mwana wa chilimbikitso ataona zochita zake (Machitidwe 4:36). Sankhani munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu, mmodzi wa kumpingo, kaya ndi abusa, mkulu wa mpingo, akatekisiti kapena mayi wamkulu wa Mvano, ndi mmodzi wa kuntchito kapena pamsika, ngakhale akhale wosapemphera.

Samalani ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti "Mumandiona bwanji?" adzakuyankhani mwaulemu wathu uja kuti "Ayi, inu muli bwinobwino," ndipo mudzabwerera chimanjamanja. Funsani chonchi: "Abusa, pakagwa vuto lotani m'pamene mumati tiitane uje, kunena ine?" Kapena kwa akunyumba: "Ndi chiyani chimene ndikachita mumaona kuti ndachita ndi mtima wonse, nanga ndi chiti chimene ndimangochita mokakamizika?" Lembani mawu awo momwe anenera, osawakometsa. Musatsutse, ngakhale atanena kuti kulalikira kumene mumakukondako si kumene anthu amathandizika nako.

Ngati awiri mwa atatuwo atchula chinthu chimodzi chimene chilinso patsamba lanu loyamba, chigwireni.

Chachisanu: petani

Tsopano muli ndi zambiri, ndipo ntchito yatsala ndi ya lichero: madeya apite, mphale itsale. Bwererani m'masamba onse ndipo zungulizani aneni amene akubwerezabwereza: kuphunzitsa, kuyanjanitsa, kudyetsa, kumanga, kuchereza, kulera, kuteteza, kukonza, kutonthoza. Sankhani mmodzi kapena awiri, atatu ngati simungachitire mwina. Akapitirira atatu ndiye kuti simunasankhe.

Pewani aneni amene sangajambulidwe chithunzi. "Kukhudza miyoyo," "kusintha dziko," "kukhala mdalitso," onsewa ndi okoma m'khutu koma palibe amene angakupezeni mukuwachita Lachiwiri masana. "Kuphunzitsa kuwerenga" munthu angathe kukupezani mukuchita.

Kenako tchulani anthu. "Anthu onse" si yankho. Ana otsalira m'kalasi, amayi amasiye a m'dera lanu, anyamata ongotuluka kundende, mabanja achinyamata, odwala ogonekedwa, alimi anzanu. Ena amaopa kuti akatchula gulu limodzi ndiye kuti akana ena onse. Ayi ndithu. Paulo anatumidwa makamaka kwa anthu a mitundu ina, Petro kwa Ayuda (Agalatiya 2:7-8), komabe Paulo akafika mumzinda ankayambira m'sunagoge, ndipo Petro ndi amene analowa m'nyumba ya Korneliyo.

Chomaliza ndi chifukwa. Ili ndi gawo limene limasiyanitsa chiganizo cha Mkhristu ndi mawu aja amalembedwa ndi penti pakhoma la sukulu kapena la ofesi. Yambani gawoli ndi "kuti" kapena "chifukwa," ndipo chimene chikutsatira chiloze kwa Khristu ndi kwa anthu aja, osati kwa inu.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani chachitali, kenako dulani

Lembani m'chinenero chimene mumapempherera mukakhala nokha. Chiganizo cha Chingerezi chooneka ngati cha kampani chimakhala chovuta kuchinena kwa Mulungu usiku.

Tiyerekeze mayi wophunzitsa Sitandade 2. Kulemba kwake koyamba kungatuluke motere:

"Ine monga mwana wa Mulungu ndikufuna kukhala mphunzitsi wabwino kwambiri, mayi wachitsanzo ndi Mkhristu wokhulupirika, wokonda anthu onse, wothandiza ovutika, wolalikira uthenga wabwino kulikonse kumene ndingapite, kuti ndidzasiye mbiri yabwino ndipo dzina la Mulungu lilemekezeke."

Mawu 35, ndipo mulibe cholakwika chimene mbusa angadzudzule. Koma taonani mavuto ake. "Ndikufuna kukhala" akukankhira zonse kutsogolo. Lembani ngati chinthu chimene mumachita kale, ndi "ndima-". "Wabwino kwambiri" ndi "wachitsanzo" akuyerekeza mayiyu ndi anzake, ndiye maso ali pa iye. "Anthu onse" ndi "kulikonse" afufuta malire. "Ndidzasiye mbiri yabwino" ndi mawu a pamaliro. Ndipo chimene masamba ake anayi anaonetsa, choti iye amatsalira ndi ana amene anzawo awasiya m'mbuyo, sichikuoneka n'komwe. Akadula ndi kubwezeretsa chenichenicho, chimatsala ichi:

"Ndimaphunzitsa ana moleza mtima, anga ndi a eni, makamaka otsalira m'mbuyo, kuti adziwe kuwerenga ndiponso aone kuti Khristu sawataya."

Mawu 19. Mneni mmodzi, anthu odziwika, a m'nyumba alimo, chifukwa chilipo. Taonaninso kuti mulibe dzina la sukulu kapena mawu akuti "mphunzitsi." Akadzapuma pantchito, chiganizochi chidzagwirabe pakhonde pake ndi ku Sande sukulu.

Mayi wa geni ya nyemba ndi mpunga pamsika, amene Miyambo 11:1 imamukhudza tsiku ndi tsiku, angalembe: "Ndimagulitsa ndi muyeso wachilungamo, ndimalera ana anga m'Mawu, ndipo ndimachezera amayi amasiye a m'dera lathu, chifukwa Khristu ndiye anayamba kundikonda." Bambo wogwira ntchito ku Johannesburg angati: "Ndimagwira ntchito mokhulupirika, ndimasamala banja langa kumudzi, ndipo ndimalandira abale ongofika kumene kuti asataye chikhulupiriro kuchilendo." Izi ndi zongoonerapo kamangidwe. Mukakopera chimodzi, chidzakhala cha mwini wake.

Lembani mitundu itatu ya chiganizo chanu, muisiye masiku awiri osaiyang'ana, kenako muiwerenge mokweza. Imene lilime likupunthwa nayo ichotseni.

Chachisanu ndi chiwiri: chiyeseni

Chinene ndi mpweya umodzi osayang'ana pakope. Mukalephera, ndi chachitali.

Chotsani dzina lanu n'kuikapo la Mkhristu wina aliyense wa mumpingo mwanu. Chikamukwana, ndiye kuti mwalembanso cholinga cha onse chija. Bwererani ku aneni ndi anthu.

Yeso lalikulu ndi ili: tchulani chinthu chimodzi chabwino chimene chiganizochi chikukuuzani kuti musiye kapena mukane. Ngati palibe, sichikugwira ntchito. Atumwi atamva dandaulo loti amasiye ena akumanidwa pogawa chakudya, sananene kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Anati pasankhidwe amuna asanu ndi awiri oti aiyendetse, iwo alimbikire kupemphera ndi kutumikira Mawu (Machitidwe 6:1-4). Pa Marko 1:35-38 anthu a ku Kapernao ankamufunafuna Yesu, Iye n'kunena kuti tiyeni kumidzi ina ndikalalikire komweko, pakuti ndinadzera chimenecho. Ndipo munthu wina atamupempha kuti aweruze za chuma chamasiye, anakana (Luka 12:13-14).

Dzifunseninso: ntchito itatha mawa, kapena matenda atandigoneka, kodi mutsala kanthu? Chiganizo chomangidwa pa udindo, monga "kukhala mkulu wa mpingo" kapena "kukhala manejala," chimagwa tsiku la chisankho.

Potsiriza chiwerengereni akunyumba. Akaseka, musakwiye, funsani chimene chawaseketsa.

Za kuikapo vesi

Ndi bwino kulemba vesi limodzi kunsi kwa chiganizo, koma werengani chaputala chonse musanalitenge. Pali mavesi atatu amene amakokedwa kawirikawiri pa nkhani iyi. Yeremiya 29:11, wonena za malingaliro a mtendere amene Mulungu ali nawo pa anthu ake, ndi gawo la kalata yopita kwa akapolo a ku Babulo, ndipo vesi 10 likuwauza kuti adikira zaka 70. Si lonjezo loti zimene mwalemba zitheka chaka chino. Afilipi 4:13 analembedwa ndi munthu ali m'ndende, ndipo "zonse" zimene akuti angathe ndi kukhuta ndi kumva njala, kusefukira ndi kusowa (vesi 11 ndi 12). Habakuku 2:2, wa "lemba masomphenya" uja, akunena uthenga umene Mulungu anapatsa mneneri wokhudza chiweruzo, osati maloto a munthu a galimoto ndi nyumba yosanja. Mayi wophunzitsa uja angathandizike kwambiri ndi Mateyu 18:14, wonena kuti Atate safuna kuti mmodzi wa aang'ono awa atayike. Vesi labwino ndi limene likukudzudzulani pang'ono, osati longokuombera m'manja.

Kuchigwiritsa ntchito

Chilembeni ndi pensulo m'kati mwa chikuto cha Baibulo lanu, ndi tsiku lake. Ena amachiika pa sikirini ya foni. Kuchiika pa Facebook kapena pa WhatsApp kusakhale kofulumira. Chiyambe chaoneka m'zochita, paja Mateyu 6:1 anatichenjeza za kuchita chilungamo kuti anthu atione.

Kwa masiku 30 oyamba, Lamlungu lililonse madzulo tengani mphindi khumi. Yang'anani sabata yapitayo: maola anu ndi ndalama zanu zinapita kuti? Kenako ikani m'sabata ikubwerayo chinthu chimodzi chochokera m'chiganizocho, chokhala ndi tsiku ndi ola. "Lachinayi 4 koloko, ana atatu aja, kuwerenga." Sabata zinayi zikadutsa osapezeka chochita ngakhale chimodzi, pali ziwiri: mwina mwalemba za munthu amene mumasirira osati za inu, kapena pali zina zimene muyenera kutula pansi.

Kukana kumafuna ulemu. Simunganene kwa mbusa kuti "izo sizili m'cholinga changa." Munganene kuti: "Abusa, zikomo pondiganizira. Chaka chino mphamvu zanga ndaziika pa ana a Sande sukulu, ndiye ndikasenzanso za usungichuma ndiopa kuti zonse ziwiri zionongeka. Koma pali wina amene ndikuona kuti angathe, ngati mungandilole kumutchula." Ndipo ngati akulu a mpingo abwerera kachiwiri ndi kachitatu ndi pempho lomwelo, khalani pansi mumvetsere. Barnaba ndi Saulo sanadzitume okha. Anapatulidwa ndi mpingo wa ku Antiokeya uli kupemphera ndi kusala kudya (Machitidwe 13:1-3). Mwina anzanu akuona chimene masamba anu anayi anaphonya.

Pali ngozi imodzi imene iyenera kunenedwa mosabisa. Chiganizochi chingasanduke chobisalirapo ulesi. Maliro a pamudzi, kusesa m'tchalitchi, neba wodwala usiku, izi sizidikira kuti zipezeke m'mawu anu ochepa aja. Wansembe ndi Mlevi a pa Luka 10 analambalala munthu wovulala panjira ya ku Yeriko, ndipo anali anthu odziwa bwino udindo wawo. Chiganizo chimayendetsa maudindo anthawi yaitali amene mumavomera. Chifundo cha lero sichifunsa chilolezo kwa icho.

Chiunikeni kamodzi pa chaka, tsiku losaiwalika monga la kubadwa kwanu kapena sabata yoyamba ya Januwale, ndiponso moyo ukasintha kwambiri: ukwati, kubadwa kwa mwana, imfa ya mnzanu wa m'banja, kusamuka, kupuma pantchito. Paulo yemwe uja anafuna kulalikira ku Asiya ndi ku Bituniya, Mzimu n'kumuletsa, mpaka anapezeka ku Makedoniya (Machitidwe 16:6-10). Mneni wake sanasinthe, anasintha ndi malo ndi anthu. Zimakhala choncho kawirikawiri: pounika, yambani mwafunsa ngati anthu aja akadali omwewo, ndipo musafulumire kufufuta aneni. Chakale musachitaye. Lembani chatsopano kunsi kwake ndi tsiku lake, kuti pounika chaka chinacho muone mawu amene akhala osasuntha.